Kalata wa Nansen ndi Combo ca St. Louis

M'caka ca 1921 boma latsopano la ku Russia linaika lamulo lakuti anthu amene anathawa nkhondo ya m'dzikomo napita kunja sali nzika zace ai. Motero anthu zikwi mazanamazana anasanduka opanda kwao. Ambiri anaunjikana ku Constantinople, ena ku Berlin ndi ku Paris, ndipo panalibe boma lakuwapatsa ciphaso ca ulendo. Munthu wotere sanathe kuoloka malire kukafuna nchito. Akagwidwa anali kuponyedwa m'ndende, kapena kupitikitsidwira tsidya lina la malire, kumene anali kukagwidwanso.

Bungwe la League of Nations linapereka mlanduwu kwa Fridtjof Nansen wa ku Norway, munthu wodziwika kale ndi maulendo ace a ku maiko a cisanu. Iye anaona kuti cosowa coyamba cinali pepala lonena kuti mwini wace ndani. Pa msonkhano wa ku Geneva mu 1922 maiko anabvomereza pepalalo, ndipo anthu analicha kalata wa Nansen. Mu 1924 analipatsanso anthu a ku Armenia. Onse amene analandira anali ngati 450,000.

Koma kalatayo anali ndi polekezera. Anathandiza munthu kufika pakhomo. Sanakakamize mwini nyumba kutsegula. Ici cinaoneka poyera mu May 1939, pamene combo ca St. Louis cinanyamuka ku Hamburg ndi anthu oposa 900, pafupifupi onse Ayuda othawa Hitler. Awa mapepala anali nao, pamodzi ndi zilolezo zotsikira ku Cuba. Atafika ku Havana anamva kuti zilolezozo zafafanizidwa, ndipo amene analoledwa kutsika sanakwane 30. Combo cinayandama pafupi ndi Florida, anthu akupenya nyali za ku Miami, koma America inakana, Canada nayonso. Cinabwerera ku Ulaya, kumene Britain, France, Belgium ndi Holland anagawana anthuwo. Asilikali a Germany atalowa m'maiko atatu otsirizawo, 254 a iwo anaphedwa. Palibe lamulo la maiko limene linathyoledwa powabweza, pakuti amene anawakana sanalonjeze kanthu.

Lonjezolo linalembedwa ku Geneva mu 1951. Ndime 33 ya pangano la othawa kwao imaletsa dziko kubweza munthu kumene moyo kapena ufulu wace uli pangozi cifukwa ca mtundu, cipembedzo, kapena maganizo ace pa ndale. Komabe olemba ace anali ndi Ulaya m'mtima, ndipo anaphatikiza okhawo othawa zocitika 1951 isanafike. Cotero anthu a ku Angola amene analowa m'Zambia mu 1966 nakhazikidwa ku Mayukwayukwa anali kunja kwa mau a panganolo, ngakhale analandiridwa ndithu. Malire a nthawiwo anacotsedwa mu 1967, ndipo Zambia inalowa m'panganoli mu 1969.