Umboni wa Loko wa Dzimbiri

Tikamva za ntchito yofukula zinthu zakale, ambirife timaganiza za golide ndi malupanga a mafumu. Komatu mbiri ya anthu wamba imabisala m'tizinthu tonyozeka, monga loko wodyedwa ndi dzimbiri.

Kuyambira mu 1976 mpaka 1981, akatswiri a bungwe la York Archaeological Trust anakumba m'mbali mwa msewu wa Coppergate mumzinda wa York, ku England. Pansipo anapeza zotsalira za nyumba za m'nthawi ya a Viking, anthu ochokera ku Scandinavia amene analanda mzindawu mu 866 n'kumautcha Jorvik. Dothi lake linali lonyowa, losalowa mpweya, motero matabwa ndi zikopa sizinaole. Mwa zofukulidwazo munalinso maloko ndi makiyi a zaka zoposa 1,000.

Loko wa makedzanayo anali wosiyana ndi wa lero. Thupi lake linali ngati kam'golo kachitsulo. Chotsekera chake chinali ndi tizitsulo topyapyala tomwe tinkapanikizika polowa m'kam'golomo, kenako n'kutambasuka, osathekanso kutuluka. Kiyi sankapotokola ayi. Ankamulowetsa kuti afinye tizitsuloto, chotsekera n'kusololoka. Zidutswa za lokoyo osula ankazimata ndi mkuwa wosungunula pamoto. Poti dzimbiri limaphimba zonsezi, akatswiri amaunika lokoyo ndi X-ray kuti aone za m'kati.

Nanga n'chiyani chinachititsa wosula kusiya makasu ndi mipeni n'kutaya masiku pa kanthu kovuta chotere? Yankho lili m'dothi lomwelo. Pa Coppergate panapezeka chipewa cha silika, chigoba cha nkhono ya ku Nyanja Yofiira, ndiponso ndalama yotsanzira ya ku Samarkand. Jorvik unali mzinda wa malonda, mokumana anthu osadziwana. Kumudzi katundu amalonderedwa ndi maso a abale, ndipo wakuba amadziwika ndi mapazi ake. Mumzinda, woyandikana naye nyumba ndi mlendo, ndipo akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Pamene maso a abale anatha, chitsulo chinalowa m'malo.

Tisaganize kuti maloko amenewa anali osagonjetseka. Munthu wa nkhwangwa akanatha kuswa bokosi lamatabwa, loko ali chikhalire. Mphamvu yake inali pa kuchedwetsa wakuba ndi kulengeza kuti za m'katimu zili ndi mwini. Kiyi naye anali chizindikiro cha udindo, ndipo ku Scandinavia amayi ena a m'nthawiyo anaikidwa m'manda pamodzi ndi makiyi awo.

Mayina a eni malokowa anaiwalika, ndipo zomwe ankatsekera zinatha kalekale. Chatsala ndi umboni wakuti chuma chitachuluka ku Jorvik, kukhulupirirana kunayamba kufuna kiyi.