Refugee: mawu amene tiyenera kuwamvetsa bwino ku Dowa

Wophunzira wa ku Mponela kapena ku Ntchisi akamva mawu a Chingerezi akuti refugee amangoti ndi munthu wothawa kwawo, basi. Kumasulira kotereku n'koperewera. Mawuwa anachokera ku Chifalansa, ndipo Angerezi anayamba kuwagwiritsa ntchito potchula Apulotesitanti amene anathawa ku France boma litaletsa chipembedzo chawo mu 1685. Pangano la United Nations la 1951 linawaikira malire: refugee ndi munthu amene ali kunja kwa dziko lake poopa kuzunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena maganizo ake pa ndale. N'chifukwa chake mawuwa amayenera anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene boma linawalandira pamsasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994. Amene akudikira yankho la pempho lake loti alandiridwe ngati refugee ndi asylum seeker. Mnyamata wopita ku Joni kukasaka maganyu ndi migrant, ngakhale umphawi utamufinya chotani.

Ena anganene kuti izi n'za maloya, mwana wa Fomu 4 akungofuna kukhoza MSCE. Komatu wolemba chimangirizo akasokoneza mawu atatuwa amanamizira anthu, popeza lamulo limawaona mosiyana. Katchulidwe nakonso kamasocheretsa. Potchula refugee, Angerezi amatsindika kumapeto, pa "jii", pomwe refuge, kutanthauza pothawirapo, amatsindika koyambirira. Lilime lathu, lozolowera kutsindika chakumapeto ndi kusandutsa r kukhala l, limaphatikiza awiriwa mosavuta, womvera n'kulephera kudziwa ngati akunena munthu kapena malo.