Kobiri la Cibowo ndi Mbiri Yace

Munthu akalima m'munda wace ku Garneton, kumpoto kwa Kitwe, nthawi zina khasu limafukula kandarama kakuda ka cibowo pakati. Ana amakaponya kutali poyesa kacitsulo kacabe. Koma akulu amene anagwira nchito ku Nkana amakadziwa bwino: ndilo kobiri lija anali kulandira pa cenji ku sitolo, nalitunga pa cingwe kuti lingatayike.

Mkuwa unayamba kale kukhala ndarama m'dziko lino. Makolo anali kuusungunula ndi kuuumba ngati mtanda, nagulira nao nsaru ndi mikanda. M'caka ca 1960 anchito okumba pa Ingombe Ilede, pafupi ndi Zambezi, anapeza manda a anthu olemera amene anaikidwa pamodzi ndi mitanda yotere ndi mikanda ya golide. Wopeza mtanda wotere asauyese malonda. Lamulo limateteza zinthu zakale, ndipo malo ace ndi nyumba yosungira zakale, monga Copperbelt Museum ku Ndola.

Mgodi wa Nkana unayamba kuturutsa mkuwa mu 1932, caka comweco cimene Southern Rhodesia inayamba kukhala ndi ndarama zacezace, ndipo zinali kuyenda ndi kuno komwe ndi ku Nyasaland. Makobiri a cibowo anadza mu 1934. Poyamba anali oyera, koma m'masiku a nkhondo anayamba kusulidwa ndi mkuwa wofiira. Tiki, susu ndi sileni za zaka zoyambazo zinali za siliva. Kuyambira 1947 siliva anacotsedwamo. Cotero wopeza sileni ya 1946 kapena ya m'mbuyo mwace wapeza kanthu koposa sileni.

Ndarama za Federesheni zinaturuka mu 1955, ndipo zinali ngati thengo lonse m'thumba: njobvu ziwiri pa kobiri, mkango waukazi pa susu, mphalapala pa sileni, nkhwazi pa masileni awiri. Pa kobiri panalibe mutu wa Mfumukazi, pakuti cibowo cinatenga malo ace. Panali korona ndi dzina cabe. Nkhani yodabwitsa ndi iyi: mkuwa unali kucoka kuno pa njanje kunka kutsidya la nyanja, ndipo makobiri a mkuwa anali kubwera osulidwa kale ku Royal Mint ku London, kudzalipira omwe anali kukumba mkuwawo. Anthu anadana nayo Federesheni, ndipo inatha mu 1963. Koma ndarama zace, kunena zoona, zinali zokongola.

Zambia inaturutsa susu, sileni ndi masileni awiri mu 1964, ndi kobiri lace la cibowo mu 1966. Limeneli silinakhalitse. Pa 16 January 1968 kwacha ndi ngwee zinalowa, sileni nisanduka ngwee 10, paundi nisanduka makwacha awiri. Makobiri anatsalira m'zitini ndi m'mabokosi a madala amene anabwerera ku midzi.

M'menemo ndimo wofuna kusonkhanitsa ndarama zakale ayenera kuyambira, asanapereke ndarama kwa wamalonda. Makobiri a njobvu anasulidwa ambirimbiri, motero mtengo wace ngwocepa, ndipo wolonjeza kuti kobiri limodzi lidzagula galimoto ndi wonyenga. Cimene cimakweza mtengo ndi caka cosowa, siliva, ndi zilembo zosafufutika.

Tsono apa ndipo ambiri amalakwa. Mai wa ukhondo akaona kobiri lakuda amalikweca ndi phulusa kapena mcenga ngati mphika, wina amalibviika m'madzi a ndimu, winanso amatenga Brasso. Kobiri limawala ndithu, koma ladzala timikwingwirima, makwinya a njobvu apita, ndipo wodziwa ndarama sangalifunenso. Kuda kuja kunapangika pang'onopang'ono zaka makumi asanu ndi limodzi kapena kuposa. Ndiko kumaphimba mkuwa ndi kucitira umboni kuti kobiri ndi lakaledi. Kukacoka sikubwerera monga kunaliri.

Cofunika kucotsa ndi dothi lokha. Kobiri libviikidwe m'madzi ofunda ndi sopo pang'ono, madzi a mvula akhala abwino koposa. Litsukuluzidwe, niliumitsidwe pakuligunditsa pa nsaru yofewa, osapukuta. Dothi louma la kumunda limafewa kobiri likagona m'mafuta a azitona masabata angapo, ndipo limacoka ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Koma kobiri loturutsa ufa wobiriwira liri ndi nthenda yodya mkuwa, ndipo lipatulidwe kwa anzace. Lililonse ligwiridwe m'mphepete, popeza thukuta la zala limasiya banga, ndipo lisungidwe m'kaenvulopu kace ka pepala pamalo ouma, kunja kwace kutalembedwa caka, malo amene linapezeka, ndi dzina la gogo amene analisunga.