Mmene Kamera Inafikira ku Tete

Masiku ano mlendo akafika ku Tete amaima pa mlatho, natulutsa foni m'thumba, najambula mtsinje wa Zambezi. Wina amaimitsa galimoto pa mseu wa ku Zóbuè kuti ajambule mapiri ndi msika. Ife timangoyang'ana, pakuti tinazolowera. Koma kodi mwambo umenewu unayamba liti kuno kwathu? Tiyeni tiwerenge.

Azungu oyamba kuyenda m'dziko lino analibe kamera. Lacerda ananyamuka ku Tete m'caka ca 1798 kupita kwa Kazembe. Monteiro ndi Gamito anayenda njira yomweyo mu 1831, napyola m'midzi ya Amaravi ndi Acewa. Zimene anaona ankazilemba ndi colembera basi. Luso lojambula ndi kuwala kwa dzuwa linalengezedwa ku Ulaya mu 1839, iwo atabwerera kale.

David Livingstone anafika ku Tete, kumene makolo amati ku Nyungwe, mu mwezi wa Marici 1856. Anacokera kumtunda kwa Zambezi ndi Amakololo oposa zana. Mkulu wa asilikali a Apwitikizi, Tito Sicard, anamlandira. Ali pompo anaoloka mtsinje, nakwera m'mbali mwa Revúbuè, ndipo anthu anamuonetsa miyala yakuda m'magombe a timitsinje ta kuno ku Moatize. Anali malasha. Makolo athu ankawadziwa kale miyala imeneyi, koma Livingstone ndiye anailemba m'buku limene Angelezi ambiri anawerenga. Iye anaganiza kuti: mtsinje ulipo, malasha alipo, sitima za moto zidzayenda mpaka pakati pa Afrika.

Anasiya Amakololo aja ku Tete, napita kwao. Anabweranso mu 1858 ndi ndalama za boma la Angelezi, ndi kasitima kochedwa Ma Robert. Ulendo uno sanali yekha. Panali mng'ono wake Charles Livingstone, amene anapatsidwa nchito ya kamera. Panali John Kirk, dotolo wodziwanso za mitengo, amene anabwera ndi kamera yakeyake. Panali Thomas Baines, wojambula ndi manja ndi utoto, ndi mnyamata Richard Thornton, wodziwa za miyala, amene anatumidwa kukayesa malasha athu.

Atafika ku Tete mu Seputembala anapeza Amakololo atacepa. Okwana 30 anali atafa ndi nthomba, ndipo 6 anaphedwa ndi Bonga wa ku Massangano. Otsalawo ankadzidyetsa ndi kudula nkhuni ndi kupalasa ngalawa za eni mudzi.

Tsono tione kamera ya masiku amenewo. Linali bokosi lolemera la matabwa, loima pa miyendo itatu. Munthu mmodzi sakanatha kusenza zonse, cifukwa panalinso mabotolo a mankhwala, magalasi ndi hema wakuda. Njira ya Charles inali yotere. Ankalowa mu hema mumdima, napaka mankhwala pa galasi, nathamanga nalo kukaliika m'bokosi lisanaume. Akatsegula diso la kamera, ankabwereranso mu hema msangamsanga kukatsuka galasilo. Inu mumadziwa dzuwa la ku Tete mwezi wa Novembala. Madzi othira pa mwala amauma musanatembenuke. Nanga mankhwala pa galasi? Nanga munthu wotsekeredwa mu hema wakuda masana? Fumbi nalo linkamata pa galasi, ndipo madzi oyera otsukira ankasowa. Charles sanali katswiri, malungo ankamgwetsanso kawirikawiri. Anajambula zithunzi zowerengeka, ndipo pafupifupi zonse zinatayika.

Kirk anali wocenjera. Iye sanagwiritse nchito galasi koma pepala lopakidwa phula ndi mankhwala. Pepala lotere amalikonzeratu, naliumitsa, nayenda nalo masiku angapo. Ndi lopepuka, ndipo silisweka. Cifukwa ca ici zithunzi zake zilipo mpaka lero, ndipo zambiri zimasungidwa ku Scotland. Muli milambe, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, nyumba za Apwitikizi ndi ngalawa zili pa doko.

Koma pepala lija linali ndi vuto lake. Linkafuna kuti diso la kamera likhale lotsegula mphindi zingapo. Cinthu coima cimaoneka bwino. Cinthu coyenda cimangosiya utsiutsi, kapena sicioneka konse. Mlambe suyenda, khoma siliyenda. Koma mai wosinja, mwana wothamanga, mwamuna wopalasa bwato, onsewa amayenda. Motero wopenya zithunzi zimenezi ku Ulaya akanayesa kuti dziko lino ndi la mitengo ndi miyala yokhayokha, lopanda eni ake. Pamene paja mzungu aliyense woimika kamera anali ndi anthu omsenzera bokosi, omtungira madzi, omlozera njira. Sitima ija inkadya nkhuni zosaneneka, ndipo odula nkhunizo anali anthu akuda. Ukapolo nao unali pakati pa Tete masiku amenewo, m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi yochedwa prazo. Anthu omangidwa m'magoli amene timaona m'buku la ulendowu, lotuluka mu 1865, anacita kujambulidwa ndi manja.

Baines ndiye anatisiyira anthu. Utoto sudikira kuti munthu aime. Anajambula mudzi wa Tete monga uonekera kucokera tsidya lino, najambulanso amuna akukumba malasha pafupi ndi Tete. Koma sanakhalitse. Mu 1859 Livingstone anamcotsa nchito, namnenera kuti waba katundu wa ulendo. Baines anakana mlanduwo mpaka imfa yake, ndipo olemba mbiri ambiri amati anamlakwira. Thornton nayenso anacotsedwa caka comweco, ati ndi waulesi, cikhalireco anali kudwala malungo uku akukumba dzenje la malasha.

Cimene alendowa ankafunitsitsa kuona cinali mathithi a Kebrabasa, amene lero timati Cahora Bassa. Amati dzinali m'Cinyungwe limanena za malo pamene nchito ithera, pakuti opalasa ngalawa akafika pamenepo sankapitirira. Anthu a ku Tete ankadziwa zimenezi. Livingstone mu 1856 anawalambalala mathithiwo osawaona, ndipo anakauza boma la kwao kuti mtsinje ndi wotseguka. Kumapeto kwa 1858 anapita kukadzionera. Iye ndi Kirk ndi Amakololo anakwera miyala yotentha ngati ciwaya, mpaka mapazi a Amakololo anatuluka matuza. Anafika pa mathithi a Morumbwa, napeza kuti palibe sitima ingadutse. Apa ndi pamene anatembenukira ku mtsinje wa Shire, nafika ku nyanja ya Nyasa mu Seputembala 1859. Ena mwa Amakololo aja pambuyo pake anakhazikika ku Shire komweko, nakhala mafumu, monga Kasisi, Mlauli ndi Katunga. Mu 1860 bwato la Kirk linagubuduzika pa Kebrabasa, ndipo mabuku ake ndi zojambula zake za mitengo zinapita ndi madzi.

Mathithi amenewo ife sitingawaonenso monga anawaonera iwo. Damu la Cahora Bassa linamangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974, ndipo madzi anamiza cigwa, midzi, minda ndi manda.

Nthawi ya atsamunda kamera inakhalabe m'manja mwa eni ndalama. Mu 1929 José dos Santos Rufino anatulutsa mabuku 10 a zithunzi za Mozambique yense, ndipo cigawo ca Tete cilimo. Anali mabuku oonetsa anthu a kunja kuti dziko likuyenda bwino: nyumba za boma, miseu, minda ya makampani. Za cibalo cimene cinalambula miseuyo, mabuku otere sankafuna kunena. Munthu wa kumudzi akaima patsogolo pa kamera, kawirikawiri cinali cifukwa ca ciphaso ca boma.

Wina amene anatembenuza kamera anali Ricardo Rangel, wobadwa mu 1924 ku Lourenço Marques, kumene tsopano ndi Maputo. Mu 1952 analowa nchito pa nyuzipepala ya Notícias da Tarde, woyamba wosakhala mzungu kujambula zithunzi kumeneko. Iye ankajambula anthu a pa doko, ana osauka, ndi anthu ovutika ndi ulamuliro wa atsamunda. Zithunzi zake zambiri boma linkaziletsa. Dziko litalandira ufulu, anatsegula sukulu ya ojambula zithunzi ku Maputo mu 1983. Anamwalira mu 2009.

Nanga malasha aja? Sitima za pamadzi zimene Livingstone ankalota sizinabwere. Inabwera njanji, imene inafika ku Moatize mu 1949. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba mgodi waukulu mu 2011, niugulitsa kwa Vulcan mu 2022. Mgodiwo usanatsegulidwe, mabanja mazanamazana a ku Chipanga, Mithete, Malabwe ndi Bagamoyo anasamutsidwa, ambiri kupita ku Cateme. Zithunzi za makina okumba ndi za sitima zonyamula malasha zilipo zoculuka m'mabuku a makampani. Mwana wobadwira ku Cateme akafunsa kuti bwalo la kwa agogo ake linkaoneka bwanji, ndi mtengo uti unali pakhomo, mabanja ambiri amangomfotokozera ndi pakamwa.