Njinga zopanda kaliyala

Kwathu njinga ndi ya ntchito. Imasenza matumba a chimanga, makala, mbuzi yomanga miyendo, ndipo tsiku likaipa imatengera wodwala kuchipatala. Ndiye nditangofika kumene ku Massachusetts, n'kumva kuti kuli anthu amene amapalasa masiku awiri panjinga zopanda n'kaliyala yomwe, ati kuthandiza odwala khansa, ndinaseka. Nanga wodwalayo amukweza pati? Patapita zaka zingapo, ine yemwe woseka uja ndinapezeka ndili ku Sturbridge kusanache, Loweruka la kumayambiriro kwa Ogasiti, dzina la malemu azakhali anga nditalilemba kumsana kwa malaya.

Mwambowu umatchedwa Pan-Mass Challenge, ndipo gwero lake ndi maliro. Mayi ake a Billy Starr, yemwe anayambitsa mwambowu, a Betty, anamwalira mu 1974 ndi khansa ya pakhungu ali ndi zaka 49 zokha. Mu 1980 mwana wawoyo anamema anzake, onse pamodzi anthu 36, n'kupalasa kuchokera ku Springfield mpaka ku Provincetown, kunsonga kwenikweni kwa Cape Cod, mtunda wa mamailosi 220. Ulendowo unali wa chipwirikiti: anthu anasochera, chakudya chinawathera m'njira. Komabe anatolera madola 10,200 n'kukapereka ku Jimmy Fund.

Thumba limeneli nalo lili ndi mbiri yake, ndipo kwa ine ndi imene imandigwira mtima kwambiri. Mu 1947, dokotala wina wa ku Boston, Sidney Farber, anayamba kupatsa ana odwala khansa ya m'magazi mankhwala otchedwa aminopterin. Masiku amenewo mwana akapezeka ndi nthendayi kunkangotsala kudikira, koma mwa ena a ana amene Farber ankawathandiza nthendayo inayamba yachepa, ngakhale kwa kanthawi. Ntchitoyo inkafuna ndalama. M'mwezi wa Meyi 1948, pulogalamu ya pawailesi ya Ralph Edwards inaulutsa mawu kuchokera pabedi la mnyamata wodwala wa zaka 12, osewera a timu ya Boston Braves atamuzungulira. Pofuna kubisa dzina lake anamutcha Jimmy. Omvera anatumiza ndalama zoposa madola 200,000. Kenako Jimmy anangoti zii, ndipo ambiri ankaganiza kuti anatisiya kalekale. Mu 1998, patatha zaka 50, anatulukira: Einar Gustafson wa ku Maine, bambo wamkulu amene anakhala akuyendetsa mathiraki. Chipatala chimene chinakula kuchokera pa ntchito ya Farber ndicho lero chimatchedwa Dana-Farber Cancer Institute, ndipo n'kumene ndalama za apanjinga zimapita.

Anthu akamva za mamailosi amagwira pakamwa, koma nzeru ya Starr sinali pa mtunda ayi. Inali pa lamulo lakuti wolembetsa aliyense alonjeze ndalama zakutizakuti, madola masauzande angapo, ndipo zikapanda kukwana aonjezere za m'thumba mwake. Lamulo louma, ndipo ena amaliona ngati mpanda wotchinga osauka. M'menemo muli choonadi ndithu. Koma ndi lomwelo limene linasandutsa chisangalalo cha kumapeto kwa sabata kukhala ngongole yeniyeni. Kuyambira 2007 ndalama iliyonse imene wopalasa watolera imakafika kuchipatala yosadulidwa, pakuti zoyendetsera mwambowo zimachokera kwina, ndipo mu 2024 zonse zotoleredwa chiyambire 1980 zinapitirira madola 1 biliyoni.

Ine kupalasa sikunandiopse. Chimene chinandisowetsa tulo ndi kupempha. Pamaliro mbale ya chipepeso imayenda yokha, palibe amene amachita kukukumbutsa. Kuno ndinayenera kulembera anthu mmodzimmodzi, ena kawiri, ena katatu, manyazi ali tho. Mayi wina wa kutchalitchi anandipatsa madola 20 pamodzi ndi kapepala ka dzina la mwamuna wake, n'kunena kuti, "Achimwene, muwatengeko nawonso." Malaya aja anadzaza mayina chotero.

Njira imene ndinadutsa, yoyambira ku Sturbridge, inali ya mamailosi pafupifupi 190. Tsiku loyamba ndilo lalitali. Mumakagona ku Bourne, pasukulu ya zapanyanja. M'mawa mwake, kukadali kamdima, mumakwera mlatho wa Bourne kuwoloka ngalande ya Cape Cod, timagetsi tofiira tili ndondondo kutsogolo. M'mbali mwa msewu mumakhala anthu ndi mabelu, ndi ana ena opanda tsitsi kumutu atanyamula zikwangwani zothokoza. Apo sindinathe kuwayang'ana nthawi yaitali. Zitunda za ku Truro, kufupi ndi mapeto, n'zimene zinandikumbutsa kuti mawondo anga si a mnyamata.

Ku Provincetown ndinatsika panjinga miyendo ikunjenjemera, ndinadya chilichonse chimene anandipatsa, n'kukwera sitima yapamadzi yobwerera ku Boston. Anzanga ankavina kumtunda kwa sitimayo. Ine ndinakhala pakona, foni m'manja, pakuti pa lonjezo langa panali patatsala madola 400, ndipo panali msuweni wina amene anali atandiuza kuti atumiza malipiro akatuluka.