Mbiri ya Mau Otsutsana, ndi Nchito Yache m'Sukulu za Sekondale

Chiyambire kutsegulidwa kwa sukulu zoyamba za sekondale m'dziko lino, ku Blantyre ndi ku Zomba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, aphunzitsi akhala akulimbana ndi vuto limodzi lomwelo. Mnyamata kapena msungwana awerenga bwino kufikira akomana ndi liu lachilendo. Pomwepo aima, nayembekeza kuti wina amuuze. Koma tanthauzo limene alifuna kawirikawiri lili pafupi, lobisika m'liu lina lotsutsana nalo. Njira yozindikira liu mwa mdani wache ndi yakale ndithu, ndipo tiyesa kuti abale athu aphunzitsi ndi akatekisti adzaigwiritsa bwino akadziwa kumene inachokera.

Ahelene analemba za ichi kalekale. Ophunzira a Pythagoras anandandalika zinthu ziwiriziwiri zokwana magulu 10, monga kuunika ndi mdima, dzanja lamanja ndi lamanzere, chabwino ndi choipa. Pambuyo pao Aristotle, amene anabadwa m'chaka cha 384 Kristu asanabadwe namwalira mu 322, anaona kuti kutsutsana sikuli kwa mtundu umodzi, nakugawa panai. Kulipo kwa zinthu zodalirana, monga theka ndi kawiri. Kulipo kwa zinthu za kumathungo, monga choyera ndi chakuda. Kulipo kwa kukhala nacho ndi kusowa, monga kupenya ndi khungu. Ndiponso kulipo kwa kubvomera ndi kukana. Anaonanso kuti zina zotsutsana zili ndi chapakati, monga chotuwa pakati pa choyera ndi chakuda, pamene zina zilibe.

Chachiwiri chinachokera m'Malembo Oyera. M'chaka cha 1753 Robert Lowth, mphunzitsi wa ku Oxford amene pambuyo pache anakhala bishopu wa London, anasindikiza maphunziro ache a ndakatulo za Ahebri. Iye anasonyeza kuti mlembi wachihebri amanena kanthu m'mizere iwiri yoyendera pamodzi: nthawi zina mzere wachiwiri ubwereza woyamba, nthawi zina uutsutsa, nthawi zina uuonjezera. Mtundu wotsutsawo wachuluka m'buku la Miyambo, makamaka mutu 10 kufikira 15, kumene wanzeru aima pandunji pa wopusa, ndi wakhama pandunji pa waulesi. Chifukwa chache akatswiri a Chihebri, akapeza liu losowa limene silionekanso kwina, amafunsa mzere unzache kuti uwaunikire. Mkatekisti amene atsegula Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu m'Chinyanja mu 1922, ali nacho chida chomwecho m'manja mwache.

Kufika kwa njirayi m'mabuku a sukulu kunachedwa. Mu 1852 sing'anga wa ku London, Peter Mark Roget, anatulutsa buku la mau a Chingerezi osanjidwa monga mwa maganizo ao m'mitu 1,000, naika maganizo otsutsana m'mipanda iwiri yopenyana pa tsamba limodzi. Mu 1867 C. J. Smith anasindikiza buku la mau ofanana ndi otsutsana, ndipo ndimo munafalikira dzina lachingerezi lakuti antonym. Kuyambira pamenepo mindandanda ya mau awiriawiri inalowa m'sukulu, ndipo pamodzi nayo panalowa choipa china: ana anayamba kuloweza mindandandayo pamtima monga aloweza matebulo a masamu, osaphunzira kuigwiritsa nchito powerenga. Lowth anafuna tanthauzo m'chiganizo chamoyo. Mndandanda unachotsa liu m'chiganizo.

Tsono chinenero chathu chili ndi mwai. Pamene D. C. Scott analemba dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, imene Alexander Hetherwick anaikonzanso mu 1929, alembi a malamulo a chinenero anali ataona kale kuti aneni athu ambiri amadzitembenuza okha ndi mathero akuti -ula. Titseka ndi kutsekula, tivala ndi kuvula, timata ndi kumatula, tiyala mphasa ndi kuiyalula, tivundikira mphika ndi kuuvundukula. Mwana wodziwa kufunya sadzasowa tanthauzo la kufunyulula. Koma achenjezedwe kuti si -ula ali yense atembenuza: kupindula sikutsutsana ndi kupinda, ndipo kugula kulibe chimene kumasula.

Pophunzitsa, tsono, tiyambe ndi chiganizo, osati ndi mndandanda. Mphunzitsi alembe pabolodi: Chaka chino kuli njala, pamene chaka chatha kunali mwanaalirenji. Asafunse msanga tanthauzo la mwanaalirenji. Poyamba ana apeze liu lopatula mbali ziwirizo, ndilo pamene; anzache ndiwo koma, ngakhale, m'malo mwa, ndi kusiyana ndi. Kenaka apeze liu lodziwika la mbali inayo, ndilo njala. Atatero alitembenuze, nati: chakudya chochuluka. Potsiriza abwezere tanthauzolo m'chiganizo, amve ngati likhala bwino. M'phunziro la Chingerezi mayendedwe ndi omwewo, ndipo zizindikiro zache ndizo but, although ndi unlike.

Apa tikumbukire Aristotle, pakuti iye ndiye atiletsa kufulumira. Mwana akawerenga kuti madzi a m'chitsime anali ozizira koma a m'mphika anali ofunda, angayankhe kuti ofunda ndiwo otentha kwambiri. Walasa mbali yoyenera, koma wapitirira, popeza pali chapakati. Ndiponso liu limodzi likhoza kukhala ndi adani angapo. Nkhuni zaziwisi zitsutsana ndi zouma, nyama yaiwisi ndi yophika, mango aawisi ndi akupsa. Kugula ndi kugulitsa, kapena kukongola ndalama ndi kukongoza, ndi nchito imodzi yopenyedwa kuchokera mbali ziwiri, ndipo mwana wongoonjezera liu lakukana adzalakwa. Chotero mdani wa liu asonyeza kumene tanthauzo lili, koma malire ache adziwika ndi chiganizo chonse, ndipo dikishonale idze pambuyo kudzatsimikiza.

Tipempha abale athu kuti asaweruze mwana mwa yankho lokha, koma amfunse liu limene linamtsogolera. Wophunzira amene akhoza kuloza liulo ndi chala adzawerenga yekha atatuluka m'sukulu, kumene kulibe mphunzitsi womuuza. Ndipo mkatekisti wozolowera njira yomweyi sadzapatsa mpingo tanthauzo longoganizira, pamene mzere wachiwiri wa vesi uli pomwepo kumuwongolera.