Mkodzo wofiira, mkodzo wa thovu: matenda a impso m'mphepete mwa nyanja

Ife obadwira ku Mangochi tinakula tikudziwa kuti mkodzo umaulula matenda. Mnyamata wa ku Malindi, ku Makanjira kapena ku Chembe akakodza magazi, palibe ankadabwa, ndipo akuluakulu ena ankangoti mwana wakula. Linali likodzo, lochokera ku nkhono za m'madzi osaya momwe tinkasambira ndi kuchapa. Mazira a tizilombo take amakanirira m'chikhodzodzo, amasiya zipsera, nthawi zina mpaka kutseka njira ya mkodzo, impso n'kutupa. Komabe likodzo limadzionetsa lokha. Mankhwala a praziquantel atayamba kugawidwa m'sukulu, makolo ankaona ndi maso kuti kufiira kwatha.

Matenda a shuga, amene nawonso amawononga impso, ndi ena. Pamene atsamunda ankamanga Fort Johnston mu 1891 pafupi ndi mudzi wa Mfumu Mponda, anthu kuno ankadya za mtondo ndi za m'madzi: chimanga, mapira, chinangwa, mpunga, chambo, usipa. Ufa ankasinja ndi manja, bwato ankapalasa ndi nkhafi, ulendo wa ku Namwera unali wapansi. Kenako kunabwera chigayo. Kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, ku Dwangwa kumapeto kwa ma 1970, ndipo paketi ya shuga inafika mu golosale iliyonse. Tiyi wa masupuni anayi, mandasi, Sobo, tchipisi cha pa chiwaya, ndipo lero njinga yamoto ikutula munthu pakhomo penipeni. Sikuti shuga wa mu tiyi yekha ndiye amadwalitsa ayi; kunenepa, kukhala pansi tsiku lonse ndi mtundu wa ku banja zimathandizana. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti impso imawonongeka munthu akuyenda bwinobwino. Mu impso iliyonse muli tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Msodzi angamve msanga tikati kasefa kalikonse kali ngati ukonde wa maso aang'ono: madzi ndi zonyansa zimadutsa, puloteni imatsala m'magazi. Shuga akachuluka, maselo a tisefati sangathe kumukana, amangolowa. Mkatimo wina amasandulika sorbitol, ndipo pochita izi selo imatha mphamvu zake zodzitetezera. Wina amamatirira ku mapuloteni, n'kuwaumitsa ndi kuyambitsa kutupa. Winanso amadzutsa protein kinase C, yomwe imatumiza uthenga wolakwika m'selo monse. Mauthenga onsewa amakakumana pa TGF-beta, imene imalamula maselo kuti aumbe chipsera. Nthawi yomweyo angiotensin II imafinya kamtsempha kotulutsa magazi mu kasefa, choncho magazi amakankha mwamphamvu kuposa muyeso. Maso a ukonde amang'ambika, puloteni imatayikira mu mkodzo, thovu limayamba kuoneka. Pofika potupa mapazi ndi nkhope, zaka zambiri zimakhala zitapita.

Nzeru imeneyi sinabwere tsiku limodzi. Insulin inapezeka ku Toronto mu 1921, odwala anasiya kufa msanga, ndipo m'pamene madokotala anayamba kuona zimene shuga amachita akakhalitsa m'thupi. Mu 1936 Paul Kimmelstiel ndi Clifford Wilson anafotokoza timibulu ta zipsera timene anatipeza mu impso za anthu a shuga. Mu 1993 kafukufuku wamkulu anaonetsa kuti captopril, mankhwala a BP ofooketsa angiotensin, amachedwetsa kuwonongeka kwa impso. Mu 2001 Michael Brownlee analumikiza njira zija zimene shuga amawonongera maselo, ponena kuti gwero lake ndi poizoni wa okosijeni amene selo imapanga ikakhuta shuga.

Ndiye pamene namwino, popereka mankhwala a gulu limodzi ndi captopril, akuti, "Amayi, enalapril uyu musamadumphitse ngakhale mutu usakuwawa," akulankhula zimene anthu anavutikira kwa zaka zoposa 50 kuti azimvetse. Chimodzimodzi akamapempha mkodzo m'kabotolo kuti aviikemo kapepala koyezera puloteni. Ambiri a ife timayembekeza kuona magazi, chifukwa ndi zimene likodzo linatiphunzitsa, ndiye mkodzo woyera timauyesa wabwino. Abale athu achisilamu, omwe ndi ambiri kuno, ali ndi funso linanso pa Ramadhani: wodwala shuga amene impso zake zayamba kufooka asale kapena ayi. Ili ndi funso lofunika kupita nalo kwa dokotala ndi kwa shehe mwezi usanaoneke, poti chipembedzocho chimamasula wodwala.

Impso zikaima, chotsala ndi makina osefa magazi. Odwala a kuno amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba, ndipo ku Blantyre kumeneko amakhala pa makina kawiri kapena katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, moyo wonse. Msodzi wa ku Makanjira amayenera kusiya bwato ndi banja kukafuna pogona mu tauni, ndipo makinawo ndi ochepa kuposa anthu amene akuwadikira.